Msilikali wogona m'chipatala asamamanidwe mawu a kwawo

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathu ino ndinenepo nkhani yomwe yakhala ikundivuta mumtima kwa zaka zingapo tsopano. Ndine msilikali wopuma pa ntchito. Ndinavala yunifomu kwa zaka 22, ndipo mkati mwa zaka zimenezo muli masabata 11 omwe ndinakhala chigonere m'chipatala cha asilikali kudziko la eni, mwendo wanga wakumanzere uli m'zitsulo. Chaka ndi chaka pa 11 Novembala timaima chete kukumbukira amene anatsala kunkhondo, pa 29 Meyi n'kukumbukiranso asilikali osungitsa mtendere a United Nations, ndipo n'koyenera kutero. Koma pa perete simumveka za anyamata ndi atsikana omwe sanafe koma sanafikenso kwawo, omwe ali m'mawodi kutali uko. Ine ndinakhalapo mmodzi wa iwo, ndipo ndikuuzeni kuti kupukwa kunatsala pang'ono kundigonjetsa kuposa fupa loswekalo.

Tinali pa ntchito yosungitsa mtendere. Tsiku lina masana bomba linagwa pafupi ndi pomwe tinabisala, ndipo kachitsulo kake kanandiswa fupa pansi pa bondo. Pa chithandizo cha tsiku limenelo ndilibe dandaulo ngakhale limodzi. Amene anapitako akudziwa lamulo lomwe timaphunzitsidwa la 10-1-2, loti wovulala aletsedwe magazi pasanathe mphindi 10, afike m'manja mwa achipatala odziwa ntchito pasanathe ola limodzi, ndipo akhale ali m'thiyeta pasanathe maola awiri. Kwa ine zinayenda choncho ndithu. Kopulo wathu anandimanga lamba woletsa magazi pantchafu, anzanga anandinyamula pa machira, helikopita inabwera. Yunifomu anachita kuidula ndi sizasi. Pomwe ndinkatsitsimuka ndinali nditavala kamalaya ka chipatala kotsegula kumsana, ndipo changa chomwe chinatsala chinali kachitsulo ka m'khosi kokha, kolembedwa nambala yanga ndi gulu la magazi anga. Foni, chithunzi cha ana, kabuku komwe ndinkalembamo manambala, zonse zinatsala m'chikwama kukampu. Chipatala cha kutsogolo kuja sichisunga munthu masiku ambiri, choncho patatha masiku anayi anandikwezanso ndege kupita ku chipatala chachikulu cha asilikali m'dziko lina, kutali ndi anzanga a m'gulu langa. Chikwama chija chinandipeza patatha mwezi ndi theka.

M'magulu ambiri a nkhondo muli lamulo loti msilikali akavulala kapena kumwalira, anzake asaimbe kaye foni kumudzi mpaka abale atauzidwa ndi akuluakulu mwadongosolo. Ndimagwirizana nalo lamulo limeneli, chifukwa palibe mayi woyenera kumva za imfa ya mwana wake pa Facebook. Vuto limabwera pambuyo pake. Akazi anga anauzidwa mawu ochepa chabe, oti ndavulala ndipo ndili m'chipatala. Sanauzidwe kuti ndavulala pati, chipatala chake n'chiti, ndikutha kulankhula kapena ayi. Pomwe panasowa uthenga panalowa mphekesera. Wina anati andidula miyendo yonse, wina anati ndinafa kale koma akuluakulu akudikira ndege yonyamula thupi. Kwa masiku 16 akazi anga ankagona foni ili m'manja, ndipo anthu akakumana nawo panjira ankawayang'ana ngati namfedwa.

M'wodi mwathu munali mabedi 12. Langa linali nambala 9, pafupi ndi zenera lomwe linkangoonetsa khoma ndi nsonga ya mtengo umodzi. Moyo wa m'chipatala cha asilikali umayendabe chisilikali. Nthawi ya 5 koloko m'mawa magetsi ayaka, kuyeza kutentha kwa thupi, kuyeza BP, kumwa mankhwala. Kenaka namwino ankabwera ndi thonje kudzatsuka pomwe zitsulo zinalowera m'mnofu. Zinalipo zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkaziwerenga chimodzichimodzi nditaluma mano mpaka amalize. Dokotala wamkulu anali ndi udindo wa Colonel, ndipo akamalowa m'wodi umangozindikira waongola manja m'mbali mwa thupi ngati uli pa perete, chonsecho uli chagada, diripi ili pamkono. Akafunsa kuti zikuyenda bwanji, yankho linkatuluka lokha: zili bwino, bwana. Tonse tinkayankha choncho, ngakhale amene anachezera kubuula usiku wonse.

Nthawi yoona odwala ndiyo inkatilasa kwambiri ife alendo. Ikakwana 4 koloko madzulo zitseko zinkatsegulidwa, ndipo asilikali a m'dziko momwemo ankalandira akazi awo, ana, makolo. Wodi inkadzaza phokoso la ana ndi kuseka. Ife ochokera kutali tinkafunda n'kumanamizira tulo, kuti anthu asachite kutimvera chisoni. Panali mayi wina wokalamba yemwe ankati akamaliza kucheza ndi mwana wake, ankayenda bedi ndi bedi kugwira aliyense wa ife paphazi kapena pamkono, osanena kanthu. Ndinkadikira dzanja limenelo tsiku lonse.

Masana ankapitako. Usiku ndi womwe unkautsa zonse. Magetsi akazima umangomva jenereta kunja ndi nsapato za namwino m'khonde, ndiyeno wina amayamba kuitana mayi ake kutulo. Tinali ochokera m'mayiko asanu ndipo sitinkamvana bwino, koma liwu loti mama tonse tinkalimva. Pamenepo m'pamene umakumbukanso anzako omwe unawasiya kutsogolo, kuti usiku uno akulondera popanda iwe, ndipo umadziona ngati wawathawa ngakhale unachita kunyamulidwa.

Ine za kwathu sindinkaganiza zikuluzikulu ayi. Ndinkaganiza za chitseko cha kuchipinda kwathu chomwe chimakhula pansi, choti uchite kuchinyamula pang'ono potsegula. Ndinkaganiza za mapazi a mwana wanga wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu, akamathamanga m'nyumba, ndi momwe amayi anga amakokera dzina langa akamandiitana ndili patali. Usiku wina ndinayesa kukumbuka mawu a mwanayo ndipo sanabwere. Nkhope ndinkaiona bwinobwino, koma mawu ake anandithawa. Ndinachita mantha kuposa tsiku la bomba lija, thukuta lili kamukamu, chifukwa ndinaganiza kuti ngati ine ndayamba kuiwala mawu ake, ndiye kuti iyenso waiwala anga.

Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kulowa. Mbale inkabwera n'kubwerera momwemo. Tulo tinatha. A fiziyo akabwera kuti ndiyese kukhala tsonga, ndinkatembenuzira nkhope kukhoma. Madokotala anayeza malungo, anayeza magazi kuti aone ngati bala lalowa tizilombo, anajambulanso mwendo, osapeza kanthu. Palibe amene anandifunsa ngati ndalankhulako ndi akunyumba, ndipo ine sindikanayamba ndekha kunena. Tinakulira mu usilikali wotiphunzitsa kuti msilikali sadandaula. Sajeni wa zaka 40 akanayamba bwanji kuuza Colonel kuti bwana, ndapukwa mwana wanga?

Amene anazindikira anali namwino wina wachikulire wogwira ntchito usiku. Anandipeza ndili maso cha m'ma 2 koloko, nakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi. Chilankhulo chinkativuta tonse awiri, choncho anandifunsa ndi manja, kuyerekeza msinkhu wa mwana, kuti ndili nawo angati. Ndinakweza zala zitatu, misozi n'kutuluka yokha. Anapisa m'thumba, kutulutsa foni yake, yakeyake, n'kundiika m'manja. Mwamwayi nambala ya akazi anga ndinali nditailoweza pamtima, ndipo apa ndipemphe achinyamata omwe akupita kunja pa ntchito kuti aloweze nambala imodzi ya kunyumba, chifukwa tsiku lovulala foni simupita nayo. Inangoitana kamodzi. Nditanena kuti ndine, kunali zii kwa kanthawi, kenaka ndinamva, "Bambo, ndinudi? Tanenaninso." Ndinanenanso. Anadzutsa mwana uja, ndipo funso lake loyamba linali lakuti, "Ababa, miyendo yanu ilipo?" Ndinati ilipo yonse iwiri mwana wanga, umodzi wangovulala. Tinalankhula mphindi zinayi kapena zisanu basi.

M'mawa mwake ndinadya, ndipo sabata yomweyo ndinaima koyamba nditagwira zitsulo ziwiri za ku fiziyo. Sindikunena kuti foni imalumikiza fupa. Fupa analumikiza ndi madokotala, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Koma munthu wosadya, wosagona, wokana kudzuka sachira msanga, ndipo chomwe chinandibwezera ku mbale ndi ku fiziyo chinali mawu aja. Chomwe chimandipweteka n'choti zinatengera chifundo cha mayi mmodzi ndi foni ya m'thumba mwake, pomwe zinayenera kukhala mbali ya chithandizo monga bandeji ndi jakisoni.

Nditapuma pa ntchito ndinayamba kuwerenga za nkhaniyi, ndipo ndinapeza kuti madokotala akale ankaitenga mozama kuposa ife. M'chaka cha 1688 wophunzira za udokotala wina ku Basel, m'dziko la Switzerland, dzina lake Johannes Hofer, analemba za kupukwa kwanu ngati matenda enieni, nawapatsa dzina loti nostalgia, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kubwerera kwanu ndi ululu. Zizindikiro zomwe anatchula ndi zomwe ine ndinaziona pa bedi nambala 9, kusowa tulo, kusafuna kudya, kufooka, ndi kuganiza za kumudzi kosalekeza. Matendawa ankadziwika kwambiri pakati pa asilikali a ku Switzerland omwe ankalembedwa ntchito ya nkhondo m'mayiko a eni, ndipo mankhwala odalirika anali kumubweza munthuyo kwawo. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, madokotala a gulu la nkhondo la kumpoto analemba m'mabuku awo asilikali oposa 5,000 odwala nostalgia, ndipo ena mwa iwo analembedwa kuti anafa nayo. Masiku ano dzinali linachoka pa mndandanda wa matenda, timakamba za matenda a nkhawa ndi PTSD (kuvutika maganizo komwe kumatsalira munthu akadutsa m'zoopsa), yomwe inavomerezedwa ngati matenda mu 1980. Koma m'mawodi kupukwa kukadalipo monga kale.

Florence Nightingale, yemwe namwino aliyense amamudziwa, atafika ku chipatala cha asilikali a Britain ku Scutari, m'dziko la Turkey, mu Novembala 1854 ndi anamwino 38, ntchito yake sinathere pa kutsuka mabala ndi kuyeretsa mawodi. Ankalembera makalata mabanja a asilikali, anakonza njira yoti asilikali azitumiza ndalama kwawo, anawakonzeranso malo owerengera. Mayi ameneyu ankaona kuti munthu wagona pa bediyo ali ndi kwawo komwe akumudikira.

Palinso china chomwe msilikali aliyense amaphunzira m'kalasi ya malamulo a nkhondo. Pangano lachitatu la ku Geneva la 1949, ndime 70, limati mkaidi wa pankhondo apatsidwe mwayi wolembera banja lake atangogwidwa, kapena pasanathe sabata imodzi atafika pamalo omusungira, ndiponso akadwala kapena akasamutsidwira kuchipatala. Ndime 71 imati aziloledwa kutumiza makalata osachepera awiri ndi makadi anayi pamwezi. Taganizani, A Mkonzi. Ndikanagwidwa ndi adani, lamulo likanawakakamiza kundipatsa pepala ndilembere akazi anga pasanathe sabata. Ndili m'manja mwa anzanga ndinakhala masiku 16. Ndikudziwa kuti palibe anachita dala. Achipatala ankaona ngati ndi ntchito ya gulu langa, a gulu langa ankati ndili m'manja mwa achipatala, ndipo aliyense ankayesa kuti mnzake wachita kale.

Akuluakulu ankabwera kudzationa, ndipo tinkayamikira. Ankaima kumiyendo kwa bedi, kutigwira chanza, limba mtima msilikali, dziko likukunyadira, kujambulitsa chithunzi, n'kupita. Koma pepani sapoletsa chilonda. Akanabwera ndi foni imodzi n'kuizunguliritsa mabedi 12 aja, ulendo wawo tikanaukamba mpaka lero.

Choncho pempho langa kwa akuluakulu a asilikali ndi achipatala ndi lakuti m'wodi iliyonse mukhale foni kapena intaneti yoti wodwala alankhule ndi kwawo tsiku lomwe watsitsimuka, ndipo dokotala akamazungulira azifunsa za zimenezi monga momwe amafunsira za ululu ndi tulo. Katundu wa wovulala azimutsatira pa ndege yotsatira, osati patatha mwezi. Banja lipatsidwe ofisala mmodzi wodziwika dzina ndi nambala, woti aziliuza zoona tsiku ndi tsiku, ngakhale zoonazo zikhale zowawa. Ngati munthu akhala mwezi kapena kuposerapo, mkazi wake, mwamuna wake kapena kholo lake athandizidwe kupita kukamuona, ndipo madokotala akangoti angathe kuyenda ulendo, asamutsidwire ku chipatala cha kufupi ndi kwawo. Ena adzanena za chitetezo, kuti wodwala angaulule zinsinsi pafoni. Munthu amene mwakhala mukumukhulupirira ndi mfuti kwa zaka zambiri mungathe kumuuza zoyenera kunena ndi zosayenera, ndipo adzamvera. Ena adzanena za ndalama. Gulu lomwe limatha kuulutsa helikopita kukatenga munthu mmodzi kutchire silingalephere foni ya m'wodi.

Inunso abale a asilikali ndikupempheni. Akaimba, musamubisire zinthu. Amayi anga anadwala ndili komweko ndipo akunyumba anapangana zoti asandiuze, koma munthu wogona tsiku lonse amamvetsera mawu mwatcheru zedi. Ndinamva kuti pali china chake chikubisidwa, ndipo kwa sabata yathunthu ndinkaganiza kuti amwalira, pomwe anali atayamba kale kupeza bwino. Komanso musayambe ndi mavuto a ndalama kapena mafunso a chipukutamisozi, zimenezo zili ndi nthawi yake. Muuzeni tinthu ting'onoting'ono ta pakhomo, kuti dzino la mwana lagwedera, kuti denga lasiya kudontha, kuti mvula inagwa usiku. Chikwama changa chitafika ndinalandira uthenga wa mawu pa WhatsApp, wa masekondi 40 okha, mwana wanga akundiwerengera manambala mpaka 20 n'kudumpha 13. Ndinaumvera mpaka anzanga a m'wodi anauloweza, ndipo akafika pa 12 ankadumpha naye limodzi.

Pa bedi nambala 10 panali mnyamata wa zaka 23 wa kudziko lina, yemwe anamudula mwendo pamwamba pa bondo. Usiku ankabuula kuti zala za phazi lomwe linadulidwa lija zikumuwotcha. Madokotala amaudziwa ululu umenewu, ndipo Silas Weir Mitchell, yemwe ankathandiza asilikali ovulala ku Philadelphia pa nkhondo ya ku America ija, ndi amene anautcha phantom limb. Umenewo ankamupatsira mankhwala. Koma mnyamatayu ankafunitsitsa kwawo n'kumakuopanso nthawi yomweyo, ndipo pa zimenezi panalibe womuthandiza. Ndinkamubwereka foni yanga, ndipo akamaimbira mayi ake pa vidiyo ankaigwira pafupi ndi nkhope, akumwetulira, bulangeti atalikokera mpaka m'chiuno kuti asaone. Foni ikangodulidwa ankafunda kumutu. Anandiuza m'Chingerezi chathu chodukaduka kuti iye ndiye ankasamala banja lonse, ndipo ankaopa momwe akamulandirire pakhomo ali ndi mwendo umodzi. Izinso akuluakulu azidziwe. Kupukwa kwa msilikali wovulala kumayenda ndi manyazi ndi mantha, ndipo pamafunika munthu, kaya m'busa wa asilikali kaya mlangizi, makamaka wolankhula chilankhulo chake, woti akhale naye pansi n'kumuthandiza kuuza abale ake. Ife anzake tinachita zomwe tikanatha. Ndinayesa kumumasulira mwambi uja woti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, iye n'kumangopukusa mutu.

Kutatsala masiku awiri kuti akwere ndege, anandipemphanso foni. Anaimba, analankhula pang'ono, kenaka ndinaona akuchotsa bulangeti n'kutsitsa foni pang'onopang'ono mpaka pa bandeji paja. Wodi yonse inakhala chete. Kumbali inayo kunali zii nthawi yaitali, kenaka mayi aja analankhula mawu ochepa, mobwerezabwereza. Mnyamata uja analira mokweza, koyamba chibwerere m'wodimo. Atatonthola ndinamufunsa kuti amayi akuti chiyani. Anati akuti abwere basi, akamudikira pabwalo la ndege, ndipo ngati sangathe kuyenda akamubereka okha kumsana.

Ine wanu,
Sajeni wopuma pa ntchito